Panelo ikatentha mawati amapita kuti? Masamu a sola pa madenga a ku Mzuzu

Mwezi wa Okutobala ukafika, mafoni a amisiri a sola mu Mzuzu muno amayamba kulira ndi dandaulo limodzimodzi. Kumwamba kuli mbee, dzuwa lili paliwombo, koma nambala ya pa inveta, chipangizo chimene chimasandutsa magetsi a mapanelo kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba, siikufika pomwe mwini nyumba amayembekezera. Chaka chatha alamu anga a ku Chibavi anandiimbira nthawi ya nkhomaliro. Anali atagula mapanelo anayi a mawati 550 iliyonse, ndipo mmisiri wina anawakhomera padenga. "Alamu, paja zonse pamodzi akuti ndi 2,200? Nanga bwanji pano pakuonetsa 1,850, dzuwa lili ng'aa chonchi? Kapena imodzi yafa?" Nditakwera padenga ndinapeza kuti palibe yakufa. Ndinayesa kugwira galasi la imodzi, dzanja silinakhalitsepo. Mapanelo onse anayi anali atagona pa malata, mpata wa pansi pake wosalowa ndi chibakera chomwe.

Walira mvula walira matope. Dzuwa lomwelo limene timalifuna kuti litipatse magetsi ndi limenenso limaotcha panelo, ndipo panelo ikatentha imachepa mphamvu. Pa kuwala konse kumene kumagwera panelo yamakono, gawo limodzi lokha mwa magawo asanu ndi limene limasanduka magetsi. Kochepa kumabwerera m'mwamba, kotsalako kumasanduka kutentha, n'kukhala momwemo mu galasi ndi mu silicon, chinthu chimene amapangira mkati mwa panelo, mpaka mphepo itakuchotsa.

Nambala ya 550 ija si bodza, koma ili ndi malamulo ake. Ku fakitale panelo amaiyeza pa muyezo umene dziko lonse linagwirizana, wotchedwa STC. Amaiwalitsira kuwala kwa mawati 1,000 pa sikweya mita iliyonse, komwe ndi ngati dzuwa la masana kopanda mtambo, ndipo maselo ake, timabokosi takuda kapena tabuluu tija timaoneka pansi pa galasi, amakhala ali pa madigiri 25. Nyali yoyezerayo imangong'anima ngati mphezi, moti panelo siipeza nthawi yotenthera. Apa ndi pomwe anthu ambiri, ngakhale ena ogulitsa, amasokonezeka. Madigiri 25 amenewa si a mpweya wa panja, ndi a selo yeniyeniyo. Munthu amati, "Mzuzu n'kozizira, masana kumangofika 25 kapena 27, ndiye panelo yanga ili pa muyezo wake." Ayi ndithu. Mpweya ukakhala pa 27 dzuwa likuswa mtengo, selo imakhala itadutsa kale 50. Kuti selo ikhale pa 25 dzuwa lili ndi mphamvu zake zonse, pafunika kuti mpweya ukhale wozizira mpaka madzi kuundana, ndipo zoterezi sizichitika masana kuno, ngakhale ku Chelinda pa Nyika.

Chimachitika n'chiyani mkati mwa selo? Kuwala kukagwera pa silicon kumatakasa tinthu tating'onoting'ono totchedwa ma electron. Mkati mwa selo muli malire amene amatikankhira mbali imodzi, ndipo timatuluka kudzera mu waya kukagwira ntchito. Tiyerekeze ndi thanki ya madzi ya pamwamba pa nsanja. Kuchuluka kwa madzi oyenda mu paipi ndiwo ma amp, mphamvu imene madziwo akukankha nayo ndiwo mavolti, ndipo mawati ndi ziwirizi mutazichulukitsa. Kutentha kumachita ngati kuchucha kwa thanki. Selo ikatentha, ma electron ambiri amadumpha malire aja kubwerera kumene achokera asanafike mu waya, ndiye kukankha kumatsika. Pa selo imodzi kutsikako n'kochepa kwambiri, pafupifupi magawo awiri mwa magawo 1,000 a volti imodzi pa digiri iliyonse. Koma mu panelo ya mawati 550 magetsi amadutsa maselo 72 motsatana, choncho digiri iliyonse imachotsa pafupifupi 0.14 ya volti, ndipo madigiri 40 amachotsa mavolti oposa asanu. Ma amp wo amakwera pang'ono panelo ikatentha, koma kukwerako n'kochepa zedi, sikungabweze zimene zatayika ku mavolti.

Zonsezi opanga anazilemba m'manambala atatu otchedwa temperature coefficient. Kawirikawiri sapezeka pa sitika ya kumbuyo kwa panelo, amakhala pa pepala lofotokoza za paneloyo, limene amisiri timalitchula kuti datasheet. Yoyamba ndi ya Pmax, yonena za mawati. Pa mapanelo ambiri amene ali m'mashopu masiku ano imakhala pafupifupi -0.35 peresenti pa digiri, kutanthauza kuti digiri iliyonse imene selo yadutsa 25, panelo imataya 0.35 peresenti ya mphamvu zake. Yachiwiri ndi ya Voc, mavolti amene panelo imakhala nawo ikakhala yosalumikizidwa ku kanthu, ndipo imakhala cha m'ma -0.27. Yachitatu ndi ya Isc, ya ma amp, yomwe ili cha m'ma +0.05. Mukamagula panelo, pemphani pepala limeneli kapena funsani dzina ndi nambala ya paneloyo mukalifufuze pa intaneti. Panelo imene pepala lake silipezeka kulikonse ine sindiikhulupirira, chifukwa ngati manambala atatuwa sakudziwika, ndiye kuti ndi mawati olembedwawo sitingawatsimikize.

Mitundu ya mapanelo imasiyana pa nkhani imeneyi. Akale abuluu aja, a polycrystalline, amataya pafupifupi 0.40 pa digiri. Akuda a mono PERC amataya 0.35, atsopano a TOPCon pafupifupi 0.30, ndipo a HJT cha m'ma 0.25. Selo ikakhala pa madigiri 60, woyambayo wataya 14 peresenti pamene womalizayo wataya pafupifupi 9. Kusiyana kulipo, koma kwa munthu wa nyumba imodzi sindingamuuze kuti alipire ndalama zambiri chifukwa cha nambala yokhayi. Pali zina zotchipa zimene zingamubwezere mawati ambiri kuposa pamenepa.

Vuto lenileni la wolosera mphamvu za sola si nambala ya -0.35. Imeneyo yalembedwa kale. Chovuta ndi kudziwa kuti selo ikhala pa madigiri angati ola lililonse la chaka, pa denga limenelo, m'dera limenelo. Njira yakale ndi yosavuta imagwiritsa ntchito nambala ina ya pa datasheet, yotchedwa NOCT, imene pa mapanelo ambiri imakhala cha m'ma 45. Tanthauzo lake n'lakuti panelo itaimikidwa pa chitsulo, kumbuyo kuli pululu, kuwala kuli mawati 800 pa sikweya mita, mpweya uli pa madigiri 20, kamphepo kakuyenda mita imodzi pa sekondi, selo imafika madigiri 45. Ndiye kuti kuwala kwa 800 kumawonjezera madigiri 25 pamwamba pa mpweya, ndipo kwa 1,000 kumawonjezera pafupifupi 31.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Titenge masana a Okutobala mu Mzuzu, mpweya uli pa 28, kuwala kuli 1,000. Mwezi umenewu dzuwa limadutsa pamutu penipeni, chifukwa mzinda wathu uli pafupifupi madigiri 11 ndi theka kumwera kwa equator, ndipo dzuwa limatiima paliwombo cha m'ma 20 Okutobala komanso cha m'ma 20 Febuluwale. Selo ifika 28 kuphatikiza 31, ndiye 59. Yadutsa 25 ndi madigiri 34. Tikachulukitsa 34 ndi 0.35 tipeza pafupifupi 12 peresenti. Panelo ya 550 ija ipereka mawati 485, tisanachotse zotayika mu mawaya, mu fumbi ndi mu inveta. Tsopano panelo yomweyo tiitengere ku Karonga, tiyerekeze kuti tsiku lomwelo mpweya uli pa 35. Selo ifika 66, itaya 14 peresenti ndi pang'ono, ipereka mawati 471. Kuzizira kwathu kwa pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kwatipatsa mawati 14 pa panelo iliyonse. Ndi phindu, koma ndi laling'ono kuposa mmene timalinenera tikamanyadira nyengo ya kwathu.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. NOCT ija inayezedwa panelo ili pa chitsulo, mphepo ikudutsa kutsogolo ndi kumbuyo. Ambiri a ife mapanelo tinawaika pa malata, ndipo aliyense amene anakwerapo denga la malata mu Okutobala amadziwa mmene limaotchera mapazi. Pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa PVsyst, yochokera ku Geneva, imene mainjiniya a minda ikuluikulu ya sola amagwiritsa ntchito, imafunsa woyendetsa kuti asankhe nambala yosonyeza mmene panelo imatayira kutentha. Ikakhala payokha pa chitsulo amaika 29. Ikakhala padenga koma pali mpata woti mpweya uzidutsa amaika 20. Ikakhala yomatirira, kumbuyo kotsekeka, amaika 15. Njira imeneyi imapereka zotsatira zosiyana pang'ono ndi za NOCT ija: pa kuwala kwa 1,000, manambala atatuwa amatanthauza kuti selo ikwera pamwamba pa mpweya ndi madigiri pafupifupi 25, 36 ndi 48. Pa tsiku lathu lija la madigiri 28, ndiye kuti selo ili pa 53, pa 64 kapena pa 76, ndipo panelo ya 550 ikupereka mawati 496, 475 kapena 452.

Taonani bwino pamenepo. Pakati pa panelo ya pa chitsulo ndi yomatirira pa malata pali mawati 44, katatu kuposa kusiyana kwa Mzuzu ndi Karonga. Panelo yomatirira ku Katoto imatentha kuposa yoimikidwa bwino ku Karonga. Mwayi wonse umene mapiri a Viphya anatipatsa, mmisiri wofuna kupulumutsa zitsulo ziwiri akhoza kuutaya tsiku limodzi, ndipo mwini nyumba adzakhala akulipira kwa zaka makumi awiri osadziwa. Ndikumvetsa chifukwa chake ena amamatiriza. Zitsulo n'zodula, akuba alipo, ndipo panelo yotukulidwa kwambiri imagwidwa ndi mphepo ya mkuntho. Koma mpata wa masentimita 10 mpaka 15, wotsegula kumunsi ndi kumtunda kuti mpweya wotentha uzikwera n'kutuluka, suvuta kupanga, ndipo ndi zomangira zolimba mphepo siingaizule. Kutentha kosalekeza kumakalambitsanso panelo msanga, makamaka pulasitiki ya kumbuyo ndi malo olumikizira mawaya, choncho mpatawo ukupulumutsa zinthu ziwiri.

Mphepo nayo si yoichepetsa. Mu 2008 wasayansi wina wa ku Israel, David Faiman, anafalitsa njira yosavuta yowerengera kutentha kwa panelo imene imaphatikizamo liwiro la mphepo, ndipo mapulogalamu ambiri amaigwiritsa ntchito mpaka lero. Mumachulukitsa 6.84 ndi liwiro la mphepo, n'kuphatikizapo 25, kenako mumagawa kuwala ndi nambala imene mwapezayo. Kukakhala bata, kuwala kwa 1,000 kumakweza panelo ndi madigiri 40. Kamphepo ka mita imodzi pa sekondi kamatsitsa kukwerako kufika pa 31, ka mamita atatu kufika pa 22, ka mamita asanu kufika pa 17. Kamphepo kongogwedeza masamba a nthochi kakhoza kubweza 6 peresenti ya mphamvu. N'chifukwa chake nyumba ya pachitunda ku Masasa ndi nyumba yozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa ndi mitengo m'katikati mwa Chibanja sizingafanane, ngakhale zitagula mapanelo a mtundu umodzi tsiku limodzi. Vuto n'lakuti liwiro la mphepo limene lili m'makompyuta limayezedwa pa mamita 10 kuchokera pansi, pamalo oyera, pamene panelo ya padenga pakati pa nyumba zina imalandira yocheperapo. Wolosera amene waika mphepo ya pabwalo la ndege pa denga la ku Zolozolo walonjeza magetsi amene sadzabwera.

Wina angaganize kuti ngati ndi choncho, ndiye Juni ndi Julayi ndi miyezi yabwino kwambiri ya sola. Panelo imagwiradi bwino ntchito m'miyezi imeneyi, koma chakudya chake chimachepa. Dzuwa limakhala litapendekera kumpoto ndi madigiri pafupifupi 35 masana, tsiku limafupika, ndipo ife a ku Mzuzu timadziwa m'mawa wa nkhungu ndi mvula yamawawa imene imatha kukhala mpaka masana. Tiyerekeze tsiku loyera la Julayi, mpweya uli pa 18, kuwala kuli 800. Selo ifika 43, itaya 6 peresenti yokha. Koma 800 ndi magawo anayi mwa asanu a 1,000, ndiye panelo ipereka mawati 412, ochepera pa 485 a mu Okutobala. Kuwala ndiye mwini nkhani, kutentha kumangodula msonkho. Wofuna kuti batire lake lizidzaza chaka chonse awerengere miyezi ya mitambo ndi nkhungu, ndipo mapanelo ayang'ane kumpoto.

Kuzizira kuli ndi mbali ina, yoopsa, ndipo pa nkhani imeneyi ife tili pa ngozi kuposa anzathu a kunyanja. Kumbukirani kuti kutentha kumatsitsa mavolti. Ndiye kuti kuzizira kumawakweza. Tengani panelo imene pepala lake likuti Voc ndi 49.5. Mmisiri walumikiza zitatu motsatana, wapeza 148.5, wayang'ana pa kontirola yochajira batire waona kuti malire ake ndi 150, wakhutira. Wagwira ntchitoyo mu Novembala, zonse zayenda bwino miyezi isanu ndi iwiri. Kenako wabwera usiku wa Julayi wopanda mtambo. Mu Mzuzu usiku wa miyezi imeneyi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, ndipo galasi loyang'ana thambo loyera limazizira kuposa mpweya wolizungulira, monga mmene mame amagwirira pa galasi la galimoto. Tinene kuti maselo afika pa madigiri 5. Atsika ndi 20 kuchokera pa 25, ndipo 20 kuchulukitsa ndi 0.27 ndi 5.4 peresenti. Panelo iliyonse yafika 52.2, zitatu zafika 156 ndi theka. Mavolti safuna dzuwa lambiri kuti akwere, kuwala kochepa kwa m'mawa kumawafikitsa kale kufupi ndi pamwamba. Choopsa kwambiri ndi pamene nkhungu yakhalitsa, panelo ikadali yozizira, kenako nkhungu ija n'kuyalula mwadzidzidzi dzuwa litakwera kale. Kontirola yabwino imazima yokha n'kuonetsa chenjezo. Ina imapsa, ndipo madzi akatayika saoleka, chifukwa opanga salandira chipangizo chimene chapsa ndi mavolti opyola malire.

Choncho powerenga kuti mapanelo angati alumikizidwe motsatana, sitigwiritsa ntchito nambala ya Pmax kapena kutentha kwa pakatikati. Timagwiritsa ntchito nambala ya Voc ndi kuzizira koposa kumene derali lingafike. Ine ndikamagwira ntchito mu Mzuzu ndimawerengera ngati maselo afika pa 0, ndipo wopita kukaika sola ku Chikangawa kapena pa Nyika, kumene chisanu chimagwa mpaka udzu kuyera, atsikenso pansi pa pamenepo. Mbali ya kutentha nayonso iwerengedwe, chifukwa inveta ndi pampu ya madzi ya sola zili ndi mavolti ochepetsetsa amene zimafuna kuti zigwire ntchito. Mzere wa mapanelo ukhale wautali mokwanira kuti masana a Okutobala mavolti asagwe pansi pa malire a m'munsi, komanso waufupi mokwanira kuti m'mawa wa Julayi asadutse malire a m'mwamba. Pampu imene imatulutsa madzi bwino m'mawa n'kumafooka dzuwa likafika pamutu, vuto lake likhoza kukhala lomweli.

Kwa amene ali ndi kapanelo kamodzi, batire la mavolti 12 ndi kontirola yotchipa ya PWM, masamu amasintha pang'ono. Kontirola yotereyi imakokera panelo ku mavolti a batire, ndiye chimene chimawerengedwa ndi ma amp, omwe kutentha sikuwachepetsa. Mapanelo ang'onoang'onowa anawapanga ndi maselo 36, opereka pafupifupi mavolti 18, dala kuti ngakhale atatentha kufika 65 n'kutsika kufika cha m'ma 15, akhalebe pamwamba pa 14.4 amene batire limafuna kuti lidzaze. Mpata wotsalawo ndi wochepa, ndipo waya woonda wautali akhoza kuudya wonse. Kontirola ya MPPT ndi imene imasandutsa mavolti owonjezera kukhala ma amp, choncho phindu lake limakula panelo ikakhala yozizira. Kuno kwathu imabweza ndalama zake msanga kuposa ku Nsanje.

Tibwerere ku makompyuta. Kuwonjezera pa PVsyst yomwe ndi yogula, pali mapulogalamu aulere pa intaneti, monga PVWatts ya ku America ndi PVGIS ya bungwe la European Union, ndipo onse awiri amafika ku Malawi. Amawerengera ola ndi ola chaka chonse, maola 8,760, ndipo pali chifukwa chake. Kutentha kumaba kwambiri pa maola omwewo amene panelo ikupanga magetsi ambiri. Munthu amene watenga kutentha kwa pakatikati pa mwezi, komwe kwaphatikiza usiku ndi m'bandakucha, n'kukuika m'masamu ake, amapeza kuti Mzuzu sataya kanthu, pamene pa chaka chonse kutayako kumakhalapo ndithu. Usiku wozizira suthandiza panelo chifukwa usiku panelo ili m'tulo.

Kompyuta nayo imangodya zimene mwaipatsa. Manambala a nyengo amene mapulogalamuwa amagwiritsa ntchito kuno amachokera ku masetilaiti ndi ku makompyuta akuluakulu a zanyengo, amene amagawa dziko m'mabokosi. Mabokosi a kutentha a NASA POWER, mwachitsanzo, ndi aakulu makilomita oposa 50 mbali iliyonse. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Nkhata Bay sipakwana makilomita 50 pamsewu, koma mumatsika mamita oposa 700, ndipo mpweya umatentha ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwatsika. Aliyense amene anakwerapo minibasi ya njira imeneyi amadziwa pamene juzi imavulidwa. Bokosi limodzi likhoza kusakaniza phiri ndi nyanja n'kutulutsa nyengo imene kulibe kulikonse, yotentha kuposa Mzuzu, yozizira kuposa Nkhata Bay. Pa mawati a chaka kulakwitsa kwa madigiri atatu ndi 1 peresenti yokha. Pa mavolti a m'mawa wa Julayi, madigiri omwewo ndi amene amasiyanitsa kontirola yamoyo ndi yakupsa. Wolosera wosamala amafananitsa manambala a pa intaneti ndi a nthambi yoona zanyengo, yomwe ili ndi malo oyezera mu Mzuzu momwemuno.

Ngakhale nambala ya -0.35 siyokhazikika ngati mwala. Inayezedwa pa kuwala kwa 1,000, ndipo pa kuwala kochepa imasintha pang'ono. N'chifukwa chake muyezo wina, IEC 61853, umafuna kuti panelo iyezedwe pa madigiri 15, 25, 50 ndi 75, komanso pa kuwala kosiyanasiyana kuyambira 100 mpaka 1,100. Kwa nyumba imodzi izi n'zakuya mopitirira. Kwa munda wa sola wa ku Salima, wa mamegawati 60, umene unayamba kugwira ntchito mu 2021, kapena wa ku Golomoti wa mamegawati 20 wa mu 2022, peresenti imodzi ndi ndalama zambiri. Pa mamegawati 60, peresenti imodzi ndi makilowati 600, ndipo mabanki amabwereketsa ndalama potengera zimene kompyuta yalosera. Minda imeneyi ili m'madera otentha kuposa kuno, zomwe zikusonyezanso kuti kutentha pakokha sikuletsa sola. Dzuwa lochuluka, malo athyathyathya ndi mawaya akuluakulu a ESCOM apafupi zimalemera kuposa madigiri asanu ndi awiri.

Kuyambira pamene namondwe Ana anaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, kuthimathima kwa magetsi kunakankhira mabanja ndi mabizinesi ambiri ku sola, ndipo madenga a Mzuzu akusintha maonekedwe chaka ndi chaka. Chimene ndimalakalaka n'choti tikhale ndi manambala athuathu. A 29, 20 ndi 15 aja sanayezedwe pa malata a kuno, opakidwa utoto wobiriwira kapena wofiira, pansi pake popanda siling'i. Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga yakhala ikuphunzitsa za mphamvu za dzuwa, mphepo ndi madzi kwa zaka zambiri, ndipo ntchito yoteroyi siifuna zipangizo zodula. Kachipangizo koyezera kutentha komata kumbuyo kwa panelo, kena koyezera mpweya pamthunzi, kena ka kuwala, pa madenga khumi a mipata yosiyanasiyana, kwa chaka chimodzi. Zotsatira zake zingathandize mmisiri aliyense wa chigawo chino amene ali ndi chiphaso cha MERA kuyankha kasitomala wake ndi nambala yoyezedwa kwathu konkuno.

Chenjezo limodzi lisanathe. Kutentha kusamasenzetsedwe milandu yonse. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yomweyo ya fumbi ndi utsi wa moto wa tchire, ndipo galasi lakuda ndi fumbi likhoza kutaya zofanana kapena zoposa zimene kutentha kwatenga. Inveta nayo ikaikidwa m'kachipinda kotsekeka imadzichepetsa yokha mphamvu kuti isapse. Njira yosiyanitsira ndi kuwerengera kaye. Yezani kutentha kwa kumbuyo kwa panelo, chotsani 25, chulukitsani ndi 0.35, muone ngati kusowako kukufanana. Ngati kusowa kuli 30 peresenti pamene masamu akuti 13, funani vuto kwina. Ndipo musathire madzi ozizira pa panelo yotentha masana kuti muiziziritse. Mawati amakweradi kwa mphindi zingapo, koma galasi lotentha likhoza kung'aluka, ndipo madzi a pachitsime amasiya zoyera zouma pagalasi. Tsukani m'mamawa.

Mapanelo a alamu anga tinawatukula ndi masentimita 15, tinawatsuka, ndipo nambala ya masana inakwera ngakhale siinafike 2,200, monga ndinawauziratu. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala anandiimbiranso. Mvula inali itangokata cha m'ma 11 koloko, dzuwa linatulukira m'mphepete mwa mtambo woyera umene unkawonjezera kuwala kwake, mapanelo ali oyera ndi ozizira. "Alamu, pano pakuonetsa 2,230! Zatheka bwanji?" Ndinawapempha kuti asachoke pa invetapo, aziwerenga nambalayo mphindi iliyonse. Panelo imatenga mphindi pafupifupi khumi kuti itenthe. Anawerenga 2,190, kenako 2,120, kenako 2,050, madzi akuuma pa galasi.